Vinyo wa kwa Asewere

Mwana wathu wamkazi anatiuza za chibwenzi chake atavala kale jekete, dzanja lili pachitseko. Ndi khalidwe lake limenelo kuyambira ali wamng'ono: nkhani yolemera amaiponya akutuluka, kuti pamene muzitsegula pakamwa, iye akhale atafika kale pokwerera basi. Anati pali mnyamata, ndi Mpwitikizi, amagulitsa vinyo, ndipo abwera naye Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Chitseko chinatsekeka. Ine ndi bambo ake tinatsala tikuyang'anana m'kanjira ka m'nyumba yathu ya ku Edmonton, kumpoto kwa London.

"Wati Mpwitikizi?" anafunsa bambo.

"Ndi zomwe ndamva."

"Wogulitsa mowa."

"Wati vinyo."

"Nanga vinyo ndi thobwa?"

Amuna anga anathawa kumudzi nthawi ya chipani chimodzi, ali mphunzitsi wachinyamata. Anayankhula mawu ena pocheza, ndipo amene anakawanenera anali mnzawo wodyera naye mbale imodzi. Ine ndinawatsatira pambuyo pake, ndinaphunzira unamwino, n'kugwira ntchito pachipatala chachikulu cha kuno mpaka kupuma. Dziko lathu linasintha kalekale, koma bambowa sanasinthe. Mulesitilanti amakhala moyang'ana khomo. Chakumwa chomwe sanaone chikutsegulidwa samwa. Munthu akamafotokoza nkhani, iwo samvetsera kwenikweni zomwe akunena, amadikira pomwe adumphe. Kwa zaka zambiri ndinkawaseka, osadziwa kuti matendawo ndinatengera.

Lamlungu lija mnyamatayo anabweradi, atanyamula maluwa ndi thumba lansalu muli mabotolo. Anali wamfupi, wandevu zometa bwino, manja ake okhakhala ngati a munthu wogwira khasu. Mwana wathu ndi dokotala wa mano, ndipo anakumana mnyamatayo atapita kukachotsa dzino. Bambo atamva zimenezi anangoti, "Ehe, dzino," ngati kuti dzinolo linachita kutumidwa.

Anatipatsa moni m'Chichewa choloweza, ife n'kuseka monga mwa ulemu. Zimenezo sizinandidabwitse, chifukwa mwana aliyense wa kuno amaphunzitsa bwenzi lake mawu awiri atatu osangalatsira makolo. Chomwe chinandigwira mtima chinali china. Nditamupatsa kapu ya tiyi, anailandira ndi manja awiri, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, mutu atawerama pang'ono. Sanachite moganizira ngati munthu amene wauzidwa dzulo. Zinangochitika zokha. Mwana wangayo, yemwe ndinamulera ndekha, kapu amailandira ndi dzanja limodzi, maso ali pafoni. Ndiye mzunguyu anaphunzira kuti?

Titadya, bambo anamufunsa za kwawo. Tinkayankhula Chingerezi, ndipo mnyamatayo anamasuka, nkhope n'kuwala. Zinaonekeratu kuti nkhaniyi waifotokoza kambirimbiri kwa eni malesitilanti a mu London omwe amawagulitsa vinyo.

Anati munda wawo uli kumpoto kwa dziko lawo, pamapiri otsetsereka oyang'ana mtsinje wa Douro. Dothi lenileni kulibe, ndi miyala yokhayokha yosweka m'mapalemapale. Makolo ake akale anaiphwanya ndi manja, n'kumanga makoma okwera phiri ngati masitepe, ndipo pasitepe iliyonse anadzala mzere wa mipesa. Chilimwe kumatentha koopsa, moti mizu imaboola mwala kutsika kutali kukafuna madzi. Masiku amenewo migolo ya vinyo inkatsika ndi mabwato mpaka kudoko, kumene amalonda Achingerezi ankaigula. Kenaka kunabwera kachilombo kodya mizu, mipesa inauma chigwa chonse, mabanja ambiri n'kusiya nyumba zawo. Otsalawo anapulumuka pomezanitsa mipesa yawo pa zitsa zochokera ku America, zomwe kachilomboko sikazigonjetsa. Koma banja lawo silinadzuke msanga. Munda unagulitsidwa chigawo ndi chigawo, mpaka kunangotsala nyumba ndi masitepe ochepa a kuseri kwake.

"Ndiye agogo anga aamuna, bambo wa amayi anga, anapita kunja kukagwira ntchito," anatero. "Pang'ono ndi pang'ono anawombola zigawo zonse. Lero akuyendetsa mundawo ndi amayi anga."

"Kunja kuti?" anafunsa bambo.

"Kunja basi. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankachoka." Anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chotsegulira mabotolo m'thumba muja. Ndinaona mwana wathu akudzuka mofulumira kukatenga matambula, ngakhale matambulawo anali kale patebulo.

Anatsegula mabotolo onse pamaso pathu, ndipo mwina anachita kuuzidwa kuti atero. Ine sindimwa, koma ndinanunkhiza n'kulawa ndi nsonga ya lilime. Woyamba unali woyera, wozizira, wowawasa pang'ono ngati khungu la ndimu. Wachiwiri unali wofiira mochita kuda, ndipo unandimanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Anati umenewo ndi wa mipesa yakale kwambiri ya kuseri kwa nyumba, yomwe mitundu yake inadzalidwa mosakaniza, moti ngakhale amayi ake sangaitchule yonse. Mpaka lero mphesa zake amaziponda ndi mapazi m'zikho zikuluzikulu zamwala, amuna atagwirana m'mapewa, akuyenda mogwirizana ngati asilikali. Wachitatu unali wotsekemera, wooneka ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake la uchi ndi mtedza wokazinga. Anati vinyoyo asanamalize kusasa amathiramo kachasu wa mphesa, shuga n'kutsalira, kenaka amagona mumgolo zaka zambiri. Umene tinkalawawo unathiridwa mumgolo agogo aja adakali moyo.

Bambo anamwa pang'ono paliponse, n'kuyamikira mwaulemu. Alendo atangopita, anavula nsapato, n'kukhala phee pampando wawo.

"Mwamva pomwe wadumpha?" anandifunsa.

"Ndamva."

"Kachilombo akukadziwa. Zitsa za ku America akuzidziwa. Mabwato omwe sanawaone akuwadziwa. Koma dziko lomwe agogo ake anakhalako sakulidziwa?"

"Mwina ku Brazil," ndinatero, "kapena ku France. Ambiri ankapita kumeneko."

"Akanakhala ku Brazil akanati ku Brazil. Munthu sabisa Brazil."

Ndinali ndi changa mumtima chomwe bambo ankachidziwa, koma sanafune kuchitchula iwo poyamba.

Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi malire. Mayi anga sanabadwire ku Malawi. Anawoloka mtsinje wa Muloza ali mtsikana, kuthawa minda ya tiyi ya ku Milanje, tsidya la Mozambique, nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi. Zala za kudzanja lawo lamanzere sizinkawongoka. Ankasenda chinangwa atachipanikiza pachifuwa, ndipo mtsuko ankausenza mothandizidwa ndi chigongono. Ndili mwana ndinkaganiza kuti anabadwa choncho. Nditakula anandiuza za mbalamatodya, thabwa lokhala ndi mabowo lomwe ankamenyera anthu m'manja. Dengu lawo la tiyi silinakwane pasikelo masiku angapo otsatizana, chifukwa ankadwala malungo. Womenyayo anali munthu wakuda mnzawo, koma wolamula anali mzungu ataima chapatali, akusuta fodya. Dzina lake sanalitchulepo. Ankangoti "mzungu uja". Mayi anamwalira ine ndili kuno, m'zaka zomwe sitikanatha kupita kumaliro.

Mwana wanga nkhani imeneyi ankaidziwa. Ndinamuuza ali kusekondale, pamene anapatsidwa ntchito yolemba mbiri ya banja.

Ndinapirira milungu ingapo. Mnyamatayo ankabwerabwera, anatikonzera geti ya kumaso, anaperekeza bambo kuchipatala cha maso. Chilichonse chabwino chomwe ankachita chinkangowonjezera chikayiko changa. Ndinkadzifunsa kuti akulipira chiyani.

Tsiku lina mkati mwa sabata ndinakwera basi kupita ku Tottenham kukagula chinangwa ndi nsomba zouma. Nditamaliza, m'malo mobwerera, ndinalunjika komwe amasungira vinyo wake, kachipinda ka njerwa kunsi kwa mlatho wa njanji. Sindinauze aliyense. Munali mozizira, monunkha chinyontho, makatoni ataunjikana mpaka kudenga. Sitima ikamadutsa pamwamba, mabotolo ankalira ngwerengwere. Anasangalala atandiona, anapukuta mpando ndi malaya ake, n'kundiikira ketulo.

"Mama, mwabwera kudzagula?" anaseka.

"Ndabwera kudzafunsa. Agogo anu ankagwira ntchito yanji kunja kuja?"

Kuseka kunatha. "Za ulimi."

"Ku Brazil?"

"Ayi." Anayang'ana ketulo ngati ingamuthandize. "Ku Africa."

"Africa ndi wamkulu, bambo. Inenso ndine wa ku Africa."

Makutu ake anafiira. Anati iye anabadwa onse atabwerako kale, agogowo anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo kunyumba kwawo nkhani imeneyo sikambidwa. Anati amayi ake akubwera ku London mwezi wotsatira kudzationa, ndipo iwo ndi amene angayankhe bwino. Anandiperekeza mpaka pokwerera basi atandinyamulira katundu.

Ndisanafike n'komwe ku Edmonton foni inalira. Anali mwana wanga, ndipo monga mwa masiku onse, ine ndinkayankhula Chichewa iye n'kumayankha m'Chingerezi.

"Mum, seriously?" anayamba choncho. Anati ndapita kukamuzenga mlandu munthu kuntchito kwake ngati wapolisi.

"Ndangofunsa funso limodzi. Bwanji akubisa?"

Pamenepo anaulula. Sanali mnyamatayo wobisa. Iye ankafuna kunena tsiku loyamba lomwe lija. Amene anamuletsa anali mwana wanga. Dziko la ku Africa lija linali Mozambique, ndipo mwana wangayo ankadziwa kuti ndikangomva dzina limenelo sindimuonanso mnyamatayo, ndizingoona dzanja la agogo ake.

"Ndiye unakonza zoti mayi ako apusitsidwe m'nyumba mwawo?"

Anati ankafuna kuti ndiyambe ndamudziwa munthuyo. Anati iye sanamenye aliyense, anabadwa zonsezo zitatha.

"Mozambique chigawo chiti?"

Anati sakudziwa. Mpaka lero sindidziwa ngati pamenepo ankanena zoona. Ndinapitirira siteji yanga osazindikira, n'kubwerera wapansi ndi chinangwa cholemera m'manja.

Milungu yotsatirayo ndinkadzitonthoza ndekha. Mozambique ndi dziko lalitali. Mwina munthuyo anali ku Beira, kudoko. Mwina ankalima mpunga kummwera, kutali ndi kwathu. Apwitikizi onse sanali ogwira mbalamatodya; ena anali osauka, othawa njala ya kwawo. Bambo ankangondiyang'ana ndikamanena zimenezi.

"Tidikire mayiyo," ankatero. "Koma mumusiye ayankhule yekha. Musamuthandize."

Anabwera Loweruka masana, kunja kukuwaza kamvula. Anali mayi wochepa thupi, wondiposa zaka zingapo, tsitsi loyera lometa lalifupi, nkhope yopsa ndi dzuwa. M'mbali mwa zikhadabo zake munali mwakuda, ndipo mwana wake anafotokoza kuti angomaliza kukolola, utoto wa mphesa suchoka msanga. Chingerezi chake chinali chochepa, moti mnyamatayo ndiye ankamasulira. Anatifotokozera za chaka chimenecho, kuti kunatentha kwambiri, anayamba kuthyola msanga kuopa kuti mphesa zifota, ndiponso kuti achinyamata safunanso ntchito yokwera masitepe ndi madengu kumsana. Ndinkamuyang'anitsitsa. Nayenso ankandiyang'ana mobera, kenaka n'kuyang'ana chitenje chomwe ndinayala pampando.

Ndinaphika mpunga ndi nkhuku. Ndinaphikanso nkhwani, womwe ndimadzala ndekha kuseri kwa nyumba nthawi yotentha n'kusunga mufiriji. Sindinganame kuti ndinauphika mwangozi. Nditavundukula mbaleyo, fungo la nsinjiro linadzaza chipinda. Mayiyo anasiya kuyankhula pakati pa chiganizo. Anaweramira mbaleyo, n'kunena motsitsa, ngati akudziyankhulira:

"Nkhwani. Wotendera."

Mwana wake anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Zinaoneka kuti sanamumvepo akutulutsa mawu oterowo. Bambo anaika foloko pansi mwakachetechete.

"Mwati chiyani, mayi?" ndinafunsa m'Chichewa.

Anadzutsa mutu. "Ine anabadwa ku Milanje," anatero. Chinali Chichewa cha mwana, chopindika, chosakanikirana ndi Chilomwe, koma kamvekedwe kake kanali ka kwathu kwenikweni, ka anthu a m'malire. Mawu amenewo ndinawamva komaliza m'kamwa mwa mayi anga.

Chakudya chinadyedwa, koma sindikumbuka kukoma kwake. Titamaliza ndinanyamula mbale kupita kukhitchini, ndipo mayiyo ananditsatira ndi matambula. Mwana wanga anafuna kubwera, koma ndinamva bambo ake akumuuza kuti, "Khala pansi, iwe." Ndinatseka chitseko.

Tinayankhulana m'zinenero zosakaniza, pena Chichewa, pena Chingerezi, pena ndi manja. Anati anabadwira kuminda ya tiyi, ndipo anamulera ndi mayi wina wa komweko yemwe ankamubereka kumsana, kumudyetsa kuseri kwa khitchini, ndi kumumenya kadzanja akalandira chinthu ndi dzanja limodzi. Anati iyenso analera ana ake choncho, osawauza komwe anazitenga. Anachoka ali mtsikana, pamene Apwitikizi onse ankachoka, ndipo mayi womulerayo sanatsanzikane naye. Kuyambira pamenepo sanayankhulenso chinenerochi ndi munthu.

"Bambo anu ankagwira ntchito yanji?"

"Anayang'anira minda. Anthu wothyola."

Ndinatseka mpopi. Ndinamuonetsa dzanja langa lamanzere, n'kupinda zala monga zinalili za mayi. Ndinamuuza zonse, za malungo, za sikelo, za mzungu wosuta fodya. Nditatchula mbalamatodya sanafunse tanthauzo. Anatseka maso.

Kenaka anati kuseri kwa fakitale kunali shedi yomwe ankaletsedwa kuyandikira. Masiku ena kunkamveka kulira. Mayi womulera uja ankamutseka makutu ndi manja, n'kupita naye kumtsinje.

"Wolamula anali bambo anu?"

"Sindidziwa."

"Simudziwa, kapena simufuna kunena?"

Anandiyang'ana m'maso, osakwiya. Anati atakula, ali kale ku Portugal, anawafunsa kamodzi. Bambo akewo anadzuka patebulo, ndipo sanamuyankhulenso mpaka kukolola kutatha. Anati azungu oyang'anira analipo angapo, minda inalinso ingapo. Anandifunsa kuti mayi anga anali kumunda uti. Sindinkadziwa. Mayi sanatchulepo, inenso sindinafunse nthawi ikadalipo.

"Ankasuta?" ndinafunsa.

"Onse anasuta."

Ndinafuna kumugwira m'mapewa n'kumugwedeza kuti mwina china chigwe. M'malo mwake ndinafunsa funso lomwe linkandidya kuyambira Lamlungu loyamba lija.

"Munda wa mphesa uja, masitepe aja, anawawombola ndi thukuta la ku Milanje?"

"Inde," anayankha osazengereza. "Icho ndidziwa."

Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta matambula, limodzilimodzi, akuwayang'anira kuwindo monga amachitira anthu a vinyo. Ine ndinapitiriza kutsuka. Sanapepese, ndipo ndikuganiza kuti akanapepesa ndikanamutulutsa m'nyumba. Titabwerera kuchipinda chochezera tinapeza ana aja atakhala mowongoka ngati ali kubwalo la milandu, bambo akuwaonetsa zithunzi zakale za kusukulu komwe ankaphunzitsa.

Chomwe sindinayembekezere chinali cha amuna anga. Alendo atapita, munthu yemwe wakayikira aliyense kwa moyo wake wonse, mpaka wobweretsa makalata, anati mayiyo wamukhulupirira.

"Akanatha kukhala chete," anatero. "Akanadya nkhwani uja n'kufunsa kuti ndi masamba anji. Ife tikanadziwa bwanji? Wobisa sagwidwa ndi ndiwo."

"Nanga ngati anakonzeratu? Mwana wake anamuuza kuti ndinafunsa. Anadziwa kuti zitulukabe. Ndiye anasankha kuzitulutsa yekha, mokometsera, ndi nkhwani."

"Mayi, apa mwandiposa," anatero.

Ukwati sindinauletse. Sindikanatha, komanso mnyamatayo ndinalibe naye chifukwa. Ndinakhala pansi ndi mwana wanga n'kumuuza kuti chomwe chinandipweteka si Mpwitikizi, koma iye, kundiyesa munthu wofunika kumuzembetsa. Analira, nanenso ndinalira, koma sanavomere kuti analakwa. Anati ndikanadziwa tsiku loyamba lija, ndikanamuthamangitsa mnyamatayo asanamwe tiyi. Mwina amanena zoona.

Chinkhoswe tinachitira muholo ya tchalitchi ku Tottenham. Mchimwene wanga wa ku Barking ndiye anali nkhoswe. Achibale a mwamuna anabwera ochepa, ndipo amayi aja anavala chitenje chomwe ndinawapatsa. Anachimanga okha, molondola, osafunsa. Azimayi anzanga a kutchalitchi anaululutira poona zimenezo, n'kumandiuza kuti ndapeza asewere abwino. Ndinkangomwetulira. Paphwando la ukwati vinyo anali wa kumunda kuja, ndipo anthu anauyamikira kwambiri, makamaka wotsekemera uja. Ine ndinamwa madzi a malalanje.

Papita zaka tsopano. Mkamwini wanga ndi munthu wabwino, ndipo ndimanena zimenezi popanda kudzikakamiza. Ali ndi mwana wamkazi, yemwe amandimva ndikamayankhula koma amayankha m'Chingerezi, ngati mayi ake. Chaka chilichonse asewere amatiitana kuti tipite nthawi yokolola. Bambo anapita ulendo wina, anabwerako miyendo ili yofiirira mpaka m'mawondo, akusimba za kuponda mphesa ngati mwana wochokera kokasewera. Anati phirilo ndi lokongola, makoma a miyala aja munthu sungakhulupirire kuti anamangidwa ndi manja. Anatinso tsiku lina gawo la mundawo lidzakhala la mdzukulu wathu, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaone choseketsa, komanso sindinaone cholira. Sindinapitebe.

Asewere amandiimbira foni Lamlungu masana. Chichewa chawo chikubwerera pang'onopang'ono. Amandifunsa mawu omwe awathawa: dzina la kambalame kena kakuda komwe kankalira m'minda ya tiyi, dzina la chipatso china chowawasa chomwe ankatola kumtsinje. Ndikawauza amabwereza kangapo, n'kuseka. Nthawi zina ndimapezeka kuti ndacheza nawo mpaka tiyi wanga wazizira, ndipo ndimadzidabwa. Mu London muno muli Amalawi ambiri, koma woyankhula ngati anthu a m'malire a kwathu ndi mayi ameneyu yekha, ali kutali kuphiri la mphesa.

Mwezi wathawu anandifunsa dzina la mayi anga.

"Mukufuna mulitani?" ndinafunsa.

Anati akufuna kukapempha wansembe wa m'mudzi mwawo kuti awachitire Misa. Ndinawauza kuti mayi sanali Akatolika. Anati zilibe kanthu, Mulungu ndi mmodzi. Kenaka anawonjezera kuti mwina dzinalo angalikumbuke, chifukwa ali mwana ankawadziwa atsikana ambiri othyola tiyi, ena ankabwera kudzatunga madzi kuseri kwa nyumba yawo.

Ngati angalikumbuke, ndiye kuti munda unali womwewo. Ndipo ngati atalikumbuka, adzandiuza? Kapena adzati ayi, silikumveka lodziwika, n'kukhala nacho yekha chomwe ine ndilibe? Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Anati chabwino, palibe changu, n'kuyamba kundifotokozera kuti mvula yachedwa ndipo mipesa ya pamwamba yayamba kufota masamba.

Bambo akuti ndingowapatsa dzinalo. Mwana wanga sindinamuuze. Lamlungu lapitali foni inalira nthawi yake yomweyo, tinakamba za mdzukulu ndi za chifuwa chomwe chavuta kuno, ndipo za dzina sanafunsenso.